Konjesheni ya agogo

Mpaka lero azimayi a kumpingo kwathu akandiona amayamba kutsokomola dala. Ine ndimangowerama, chifukwa ndikudziwa chimene akukumbuka.

Ndinaleredwa ndi agogo, amene ankathyola tiyi pa esiteti. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono. Chimene ndimakumbuka n'chakuti adokotala anatchula liwu lina la Chingerezi, patapita masiku awiri tinali kumanda. Kuyambira pamenepo ndinkaopa Chingerezi chilichonse chotuluka m'kamwa mwa munthu wovala zoyera. Komanso sindinkafunsa mafunso, ndinkangomvetsera (khalidwe limene aphunzitsi ankaliyamikira, osadziwa kumene lidzandifikitse).

Lachinayi lina m'nyengo ya mvula, ndili Folomu 1, agogo anadzuka akutsokomola, thupi likutentha. Ndinawaperekeza ku kiliniki ya pa esiteti. Odwala anali atadzaza mpaka pakhonde. Atawapima anawakhazika m'kachipinda, ine n'kuima pakhomo. Ndi pamene ndinamva anesi akuuza adokotala chapansipansi kuti agogowa sangagonekedwe, vuto ndi konjesheni. Adokotala anapukusa mutu.

"Konjesheni imeneyi ikapitirira chonchi, titaya anthu."

Anesi anali pafupi moti ndikanatha kuwagwira yunifolomu n'kuwafunsa. M'malo mwake ndinatuluka panja ndi kafoni ka agogo n'kuimbira amalume ku Khwethemule. Ndinawauza kuti agogo awapeza ndi konjesheni, ndipo achipatala akana kuwagoneka. Amalume anati matenda amenewo amawadziwa bwino, anapha mnzawo wina ku Nsabwe sabata isanathe. (Amalume sanavomerepo kuti pali chinthu chimene sachidziwa.)

Amalume anaimbira akulu a mpingo. Akulu a mpingo anauza azimayi. Uthenga utafika kumunda, anzawo a agogo anasiya madengu a tiyi pa sikelo, kapitawo akukuwa m'mbuyo. Pofika masana amalume anatsika pa njinga yamoto, maso ali psuu. Onse anathithikana pakhonde la kiliniki n'kuyamba nyimbo yapansipansi ija timaimbira munthu akatsala pang'ono. Ine ndinatsamira khoma, ndikuganiza kuti ndikakhala ndi yani m'nyumba ija. Mayi wina woyembekezera anasowa podutsa.

Anesi anatuluka atakwinya nkhope, n'kufunsa kuti waitana anthu onsewa ndani. Zala zonse zinaloza ine. Ndinafotokoza zimene ndinamva.

"Mwanawe, konjesheni ndi kuchulukana, anthu ambiri malo ochepa. Mabedi atha muno. Agogo ako ndi chifuwa chabe, mankhwala akamwera kunyumba." Kenako analoza gulu lija. "Ukufuna kuiona konjesheni? Ndi iyi wabweretsayi."

Nyimbo inadukira pakati. Agogo anatulukira atagwira kapepala ka mankhwala, anayang'ana amalume, anayang'ana azimayi, n'kufunsa m'Chilomwe kuti wamwalira ndani. Amalume ankangoyang'ana nsapato zawo, ndipo za mnzawo wa ku Nsabwe sanazitchulenso mpaka lero.

Pobwerera, m'kanjira ka pakati pa tiyi, ndinkadikira kukalipiridwa. Agogo anangotsamira paphewa langa n'kunena kuti tsopano adziwa amene adzabwere pa maliro awo, ndipo anthu awiri amene sanaoneke awasunga mumtima.

Masiku ano liwuli ndimalimva paliponse: magalimoto akatsekana mu Limbe, foni ikamakana kulowa, pa wailesi akamanena za kundende. Ngakhale makhololo akadzaza pachifuwa adokotala amati konjesheni (choncho sindinaphonye kwenikweni, ngakhale palibe amene amandivomereza).

Koma kufunsa ndimaopabe. Mwezi watha adokotala anati agogo ali ndi haipatenshoni. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, ndinatuluka panja, foni ili kale m'manja. Kungoti ulendo uno sindinaimbire amalume.