Kalongonda ndi Chitseko cha Seva

Lolemba
Ndakhala pansi dzuwa litapendeka, mbuzi zisanalowe m'khola. Tamanda, mdzukulu wanga wogwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, wafika. Ali pano mpaka Lamulungu. Sabata ino aphunzire kuphika kalongonda, basi! Pabanja pano wodziwa ndatsala ndekha, ndipo maso ayamba chifunga. Nyemba zimenezi ukaziphika mwaulesi umagoneka mudzi wonse. Zakonzeka:
nkhuni za mbawa, mtolo
mphika waukulu wa malemu amayi
kalongonda wa ku Thuchila
Iye akuti, "Agogo, ndingotumiza mafayilo akuntchito kaye, sindichedwa."

Lachiwiri
Kachedwa. Akuti mafayilowo akupita ku seva, kompyuta ina ili kunja kwa dziko, yomwe abwana ake amachita lendi. Akugogoda ndi dzina la ruti, lomwe akuti ndi la mwini nyumba, wotsegula zipinda zonse. Seva ikukana! Mawu achinsinsi walemba mpaka zala kuuma. Nkhuni zikungondiyang'ana.

Lachitatu
Nkhani yatuluka. Mwezi watha, poopa akuba, iye mwini anauza sevayo kuti ruti asamalowe ndi mawu achinsinsi, azilowa ndi kiyi yekha. Kiyiyo ali mu kompyuta ya ku ofesi. Mwana wa sukulu zonsezi! Kutseka nyumba, kiyi kusiya ku Blantyre, kenako kumakalipira chitseko ku Mulanje. Ndamuuza. Sanaseke.

Lachinayi
Wapanga kiyi wina. Koma kuti seva imudziwe kiyi watsopanoyo, uyenera kulowa kaye n'kukaiuza. Ndiye ulowa bwanji? Ngakhale ine wa Sitandade 2 ndaona kuti apa njoka yaluma mchira wake. Abwana aimba. Iye akuti, "Yes bwana, yes bwana." Ntchito wayamba chaka chomwechino. Sanadye. Ndamukazingira chinangwa, ndatseka pakamwa panga. Zovuta kwambiri zimenezo.

Lachisanu
Netiweki yathawa m'nyumba. Ikupezeka pachulu cha kuseri kwa nthochi pokha. Ine ndi nyamakazi yangayi ndaima pamwamba, foni m'mwamba ngati ndikuitana mvula, iye pansi ndi laputopu. Mayi a Feliya akudutsa: "Anganga, mwalowa mpingo wanji?" Ndawayankha zosalembeka.

Loweruka
Ndatereka mphika m'mamawa, mwina aone ngakhale kutaya madzi oyamba. Mnzake wa ku ofesi wamutsegulira ndi dzina wamba, osati la ruti. Akuti ukalowa ngati mlendo umasiya katundu pakhonde, kenako n'kupempha chilolezo cholowetsa kuchipinda. Ulemu womwewu ndimamuphunzitsa ali wamng'ono! Tabwerera pachulu. Mafayilo akuyenda ngati nkhono. Mwadzidzidzi wakuwa, "Zatheka, agogo!" Wandikumbatira mpaka tonse kutsetsereka.
Kenako fungo. Madzi aphwa, kalongonda wasanduka makala, mphika wa amayi wang'aluka pansi.

Lamulungu
Wakwera minibasi pa Chonde. Ntchito yake yapulumuka. Kalongonda sanamugwire n'komwe. Analira poona mphikawo, ine ndati unali wokalamba kale ngati ine ndemwe. Akuti abwera pa Khirisimasi, laputopu aisiya. Tiona, ngati maso angadikire.
Kaphikidwe ndayesa kulemba, koma kupsa kwake amadziwa ndi lilime, osati pensulo. Inu amene mukutha kuwerenga zokhotakhota zangazi, kamupatseni Tamanda. Mumuuze kuti kuno chitseko n'chosatseka, asachedwe.