Mmene Ndinadzutsira Makompyuta a Amayi Nyirenda

Mwaseka, inu a chipewa chofiira? Sekani bwino mano asagwe, chifukwa pamene ine Chikuse ndinkamanga mapulogalamu a kompyuta kuno ku Biwi, inu kompyuta munkaiyesa wailesi yakanema.

Amayi Nyirenda, a ku Mzimba, amuna awo atamwalira anatsegula sukulu yotaipa ku Area 25. Makompyuta ake anali ochita kupatsidwa, nkhalamba zotsokomola poyaka. Mayiwo ine ndinkawafuna banja, ndipo mtima unkachita kundiwawa. Tsiku lina akuti, "Bambo Chikuse, atsikana anga mayeso ayandikira, pulogalamu yolembera palibe. Mukandithandiza, nkhani yanu ija ndiiganizira."

Pulogalamu imabwera ngati nsalu, mukumva? Umaisoka wekha, ife timati kukompaila, ndipo pali posankha: usoke yokwana purosesa iliyonse, ndiye ubongo wa kompyutatu umenewo, kapena uyeze purosesa ya makina ako okha kuti ithine bwino, ithamange. Ine ndinayezera makina anga, chilombo chimene ndikachiyatsa magetsi ankaphethira mpaka ku Kanengo, ndipo pulogalamu inatuluka yaliwiro moti ndisanagwire kiyibodi inali italemba kale zimene ndinkaganiza, n'kukonza zolakwika, n'kuwonjezera moni amene ndinaiwala, ndipo fulashi imene ndinaiikamo inkadumpha m'thumba n'kumakoka minibasi yonse imene ndinakwera popita kwa mayiwo, mpaka tinadutsa Area 18 kondakitala asanatseke chitseko!

Kufika, kuika pa makompyuta aja, zii! Onse anangolemba kuti malamulo awa sitikuwadziwa, n'kukomoka. Mlandu wa ndani? Wa nkhalambazo! Ine ndazipatsa malamulo a purosesa yamakono, izo mano zilibe. Koma Amayi Nyirenda anandiyang'ana kuyambira kunsapato, akuti, "Bambo, mwasokera thupi lanu, ndiye mukufuna avale ana anga?" Apo ndinaopa, abale. Banja ndinaliona likukwera basi ya ku Mzimba.

Ndinavula jekete, n'kutsegula makina onse, n'kumaika khutu pa purosesa iliyonse, ndipo ndinamva kuti iyi imadziwa malamulo akutiakuti, iyi imawerengabe ndi zala, inayo inachita kundinong'oneza kuti ndisaithamangitse ili ndi nyamakazi, ndiye iliyonse ndinaisokera yakeyake ndi dzanja limodzi, linalo likukupiza mphepo, magetsi atathima mwendo uwu ukupalasa dainamo ya njinga mpaka nyumba zoyandikana nazo zinayaka mababu. Mukumva? Zinadzuka! Yanyamakazi ija inathamanga moti zilembo zinathawa pa kiyibodi, atsikana anataipa mpaka kutuluka utsi, anakhoza onse, ngakhale amene anadwala osabwera.

Pambuyo pake mayi aja anayesa kukopera pulogalamu ya makina amodzi kuika pa ena. Inakana. Iliyonse inkadziwa pake pokha. Akuti, "Nanga ikavuta imodzi inu kulibe, adzandisokera ndani?"

Ndinati, "Mayi, ine sindichoka."

Eya, a chipewa chofiira, ndamva. Mukufunsa kuti bwanji sindinangosankha yokwana purosesa iliyonse, ntchito n'kutha kamodzi. Mukuyesa pamene paja sindinkapaona? Ikanatha kamodzi, ndikanabwereranso kukatani? Kwerani minibasi ya ku 25, mukaone amene akuyanika malaya anga pachingwe.