Chipaipi Choona Pawiri

Pulani inabadwira ku Mbedza, pa kachasu wa kwa a Magret. Prosper, amene ankadzitcha Jenerali ngakhale kuti kusintha thewera la mwana kunkamugonjetsa, anajambula mapu pansi ndi chala.

"Magaye, kuphiri kuli mdala amene amaimika chipaipi choonera nyenyezi pafupi ndi damu la Mulunguzi. Dzuwa likamalowa amachisiya panja kuti chizizire, iye n'kukamwa tiyi m'galimoto. Telesikopu imeneyo ana a kukoleji adzailimbirana."

"Nanga tikagwidwa?" anafunsa Saiti, wotchedwa Mphepo chifukwa chothawa msanga.

Ellah, mkazi wa Jenerali, anali atanena kale kuti akadzangolowanso m'selo, iye adzanyamula mwana ndi mapoto kubwerera kwawo.

"Jenerali sagwidwa, ase," anayankha Prosper.

Kuba kunayenda bwino. Mdalayo anangomuona chipewa chokha. Chipaipi anachimanga pakati pa nkhuni panjinga, koma potsetsereka mnzawo Idi, amene ankamutcha Mabuleki, anagwa nacho m'ngalande.

Atafika kunyumba, Jenerali anati katundu sagulitsidwa osayesa. Analozetsa pa nyenyezi yowala ya kum'mwera n'kusuzumira. Anachotsa diso, kuyang'ana kumwamba: imodzi. Kusuzumiranso: ziwiri.

"Ndi kachasu ameneyo, bigi," anatero Mphepo. Atasuzumira, naye anaona ziwiri.

Mabuleki analandira mbama kwa Jenerali. "Wachiphwanya, chitsiru iwe! Ndani angagule chinthu choona pawiri?"

M'mawa anapita nacho kwa wokonza mawotchi kumsika. Iye anapukusa mutu. "Izi mu Zomba muno amazidziwa ndi munthu mmodzi, a Dunstan, aphunzitsi opuma ntchito."

Anthu anzeruwo anafunsa njira, n'kuthokoza.

Atafika kwa a Dunstan, Mphepo anatsala kuseri kwa mpanda. A Dunstan anachisisita chipaipicho ngati mwana wobwera kuchipatala.

"N'cha malume athu," anatero Jenerali. "Nyenyezi imodzi chikumaonetsa ziwiri."

"Pepani kwambiri. Khalani pansi," anatero a Dunstan, n'kutembenukira kwa mkazi wawo. "A Dora, alendowa apatseni tiyi, muimbirenso anzathu aja adzathandize."

Jenerali anathira shuga masupuni odzaza, n'kutsinzinira Mabuleki. Chipewa chimene chinali pamsomali sanachione.

"Sichinawonongeke," anatero a Dunstan, galimoto ya apolisi ikuima pageti. "Nyenyezi ija n'ziwiridi, zimazungulirana. Ndinkafuna kuziona dzulo, koma wina anandithandiza kunyamula katundu. Ndipotu zilipo zitatu. Yachitatu ndi yaing'ono, imakhala patali, yobisala. Monga mnzanu ali kuseri kwa mpandayo."

Mphepo tsiku limenelo sinaombe.

Ellah anafika kupolisi masana, mwana kumbuyo, mtolo pamutu. Jenerali anamwetulira, akuganiza kuti ndi chakudya. Mtolowo unalira ngwerengwere.

"Mwabwera nokha?" anafunsa ndi mawu ang'ono.

"Tayang'anitsitsani, a Jenerali," anatero Ellah, akutembenuza mwana kuti awatsanzike. "Tilipo awiri. Ndipo basi ikutidikira."