Dzino langa la golide ndi lamulo la mabanki

Mpaka pano ndikamaseka ndimaphimba pakamwa, ndipo ana a sukulu ku Msanzala amayesa ndi ulemu.

Ndinali ndi dzino la golide, lomwe ndinaikitsa ku Kitwe ndili mnyamata (nzeru zinali zisanabwere). Mwana wanga Tisa atasankhidwa kupita ku koleji ya unamwino, ndalama zinafunika sabata isanathe, apo ayi malo ake apatsidwa wina. Malipiro a uphunzitsi anali atapita kale ku feteleza.

Ku Petauke kuli kakampani kokongoza ndalama anthu okumba golide, chikole chake n'kukhala golide yemweyo. Mwezi wapitawo ndinali nditamufunsa kalaliki wake mwanthabwala ngati dzino amalandira.

“Golide ni golide, aticha,” anatero. “Koma ili m'kamwa sitingaipime.”

Mkazi wanga sindinamuuze. Ndinakwera basi kupita ku Nyimba, komwe sandidziwa, n'kukazulitsa. Wozulayo anandifunsa ngati likupweteka. Ndinati kwambiri (linali lisanandipwetekepo chibadwire).

M'mawa mwake ndinafika ku Petauke tsaya lili tutumu, dzino nditalikulunga m'kampango. Kalaliki uja anandiyang'ana mwachifundo.

“Bambo, mwachedwa. Ise ndalama timakongola ku banki, ndiye tikongoza imwe. Manje banki ikulu ya boma yaika malile, ati mabanki asapitilile pamenepo popatsa ndalama makampani monga ise. Yathu inafika kale pa malile.”

Ndinayesa kufotokoza za Tisa, koma mawu ankatuluka ndi kamluzu. Okumba golide omwe anali pabenchi anayamba kundilangiza za madzi a mchere. Mmodzi anapempha kuliona, ndipo linayenda m'manja mwa onse ngati mbale ya chopereka.

Kunyumba ndinalowa nditatseka pakamwa, koma munthu sungayankhe moni ndi mphuno. Amake Tisa anamvetsera zonse osaseka, zomwe zinandiopsa. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi ndalama za chilimba chawo, zija azimayi amasonkherana n'kumalandira mosinthana, zomwe sindinkadziwa kuti alandira.

“Ine kulibe banki ikulu inaniletsa,” anatero. “Mukananifunsa chabe. Bweletsani chikole.”

Tisa anapita ku koleji. Dzino analimanga amake pa mfundo ya chitenje, ndipo chiwongoladzanja chawo chikuposa cha kampani ija. Kokadandaula kulibe. Ndaphunzira kuti munthu uziyamba wafunsa m'nyumba, mano akadali onse.