Ndinakapepesa Mutu Uli M'mwamba

Ndinene poyambirira kuti banja la Yusufu likadalipo, koma osandithokoza ine. Likanadalira nzeru zanga, bwenzi pano mnyamatayo akudzichapira yekha.

Ine ndine telala pa Nsanama, ndipo zaka zoweramira makina zinandipinda msana ngati chikwakwa. Khosi kuwawa, mapewa kufika m'makutu. Ndiye mwana wanga wamkazi, amene amathandiza odwala kuwongola ziwalo pachipatala china ku Balaka, anandiphunzitsa kanjira kena. Akuti musanakhale, musanadzuke, musanayankhe munthu, muziyamba mwaima kaye n'kumvetsera pamene thupi lamangika. Kenako mumasule khosi, mutu uzikwera ngati ukukokedwa ndi ulusi. (Za ulusizo ndinazimva msanga, ndi ntchito yanga.) Patatha milungu iwiri ululu unachepadi, ndipo ndinayamba kulalikira aliyense wodzayezetsa thalauza.

M'masiku omwewo Yusufu, mwana wa mlongo wanga, analalatira mkazi wake Patuma pamaso pa anthu pamsika. Patuma analongedza n'kubwerera kwawo kwa Kalembo. Uthenga unabwera umodzi: ankhoswe abwere adzapepese, apo ayi banja latha. Nkhosweyo ndinali ine.

Minibasi ndi kabaza zinandiumitsa khosi tisanafike n'komwe. Che Amidu, amalume ake a Patuma, anatiyalira mkeka pansi pa mango. Yusufu anakhala msangamsanga, nkhope pansi ngati nkhuku yonyowa. Ine? Ndinaima kaye. Ndinamasula khosi, chifuwa tambasu, mutu m'mwamba, n'kutsika pang'onopang'ono ngati bwana wodzayendera sukulu.

"Kodi mkekawu wachepa?" anafunsa Che Amidu.

"Iyayi, uli bwinobwino," ndinatero, maso ali kunthambi za mango.

Che Amidu anafotokoza mlandu wonse, kenako anandiyang'ana. "Inu ankhoswe, mukuvomera kuti mwana wanuyu analakwa?"

Apa ndiye ndinadzikumbira dzenje. Khosi linauma gwa, ndipo ndinakumbukira phunziro lija: osathamangira kuyankha. Ndinatsinzina. Ndinapuma mpweya. Kenako, pofuna kumva ngati khosi lamasuka, ndinatembenuza mutu kumanzere, kumanja, kumanzerenso. (Inde, ndikudziwa. Musandiuze.)

"Akukana!" anakuwa amayi ake a Patuma ali pakhonde.

Che Amidu anadzuka n'kukutumula mkanjo wawo. "Chokani pamkeka wanga! Mwabwera kudzapepesa kapena kudzationetsa khosi?"

Yusufu anandigwira mwendo, misozi ili lengelenge. "Amalume, mwandipha!"

Abale, manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Ndinagwada, mphumi mpaka pamkeka, msana n'kulira kuti phwa! Ndinafotokoza zonse ndili chiweramire: makina, chipatala, ulusi. Che Amidu anangoti anthu a ku Nsanama amanama mopanda luso.

Nthawi imeneyo Patuma anali ataima kumbuyo kwathu, akuchokera kumjigo, ndowa yodzaza ili pamutu. Iyeyu amandidziwa, poti naye ndinamulalikirapo kangapo. Anabwera n'kugwada pamaso pa amalume ake, ndowa ili pamutu pomwepo, msana uli njo, osataya ngakhale dontho. Zimene ine ndinavutika nazo milungu iwiri, mwanayu anazichita atagwada, ulemu wonse uli pomwepo.

"Amalume, akunena zoona," anatero. "Ndi matenda awo atsopano. Amapukusira mutu ngakhale makasitomala."

Anayesa kudzigwira, koma phwete linamuthawa. Amayi ake nawo anaseka, Che Amidu n'kukhalanso pansi akung'ung'udza. Poona kuti nkhoswe yatha ntchito, Yusufu anakwawira kwa mkazi wake n'kupepesa yekha ndi pakamwa pake, chinthu chimene anayenera kuchita kalekale.

Patuma anabwerera patatha sabata. Ine ndinagona masiku atatu, msana utakana. Mwana wanga atamva nkhaniyi pafoni anaseka mpaka kutsamwa. "Ababa, ndinati mumasule khosi, sindinati muiwale kugwada!"

Njirayo sindinaisiye, imathandiza ndithu. Koma Patuma akamadutsa pakhonde langa ndi ndowa yake, amaima, n'kutsinzina, n'kufunsa mwaulemu kwambiri: "Amalume, khosi lamasuka?"

Ine ndimangoweramira makina anga.