Nkhondo Yanga ndi Fungo la kwa Achimwene

Lolemba

Ndikulemba m'kope muno chifukwa nkhani iyi si yokambira pamowa. Ine amene ndimaseketsa anthu pamaliro mpaka anamfedwa kuiwala kulira, lero ndili ndi nkhani koma yopanda woiuza. Zilembo zanga n'zokhotakhota, ndinaziphunzira nditamera kale imvi, pansi pa mtengo, kwa aphunzitsi a kwacha. Zilibe kanthu, wowerenga ndine ndemwe.

Nkhani yake nayi. Achimwene a Yotamu, akulu anga, mkodzo sukuwamveranso. Umangofika wopanda odi. Munthu amene anabwera ku Joni ndi masuti atatu, akadutsa panjira fungo la mafuta linkatsala mpaka madzulo! Lero fungo likutsalabe, koma lina.

Akazi awo anatisiya. Mlongo wathu Nangondo sangawasambitse, mwambo sulola. Ndiye zagwera ine, nkhalamba kulera nkhalamba inzake.

Tsono Lamulungu kukubwera ankhoswe ochokera ku Chifunga kudzafunsira mbeta Esinati, mdzukulu wa Nangondo. Mwini mbumba ndi achimwene. Ndiwo oyenera kukhala pampando, kumva mawu a alendo ndi kuvomera. Koma Nangondo akuti: "Tsikulo muwatsekere m'nyumba, tidzanena kuti adwala. Kodi mukufuna alendo athawe?"

Achimwene amva. Akungoyang'ana zala zawo.

Ine ndadziguguda pachifuwa. Pofika Lamulungu fungo likhala litasamuka, ndipo achimwene akhala pampando wawo! Zida zanga:

phulusa
chidutswa cha sopo
dzuwa la Mulungu
nzeru zanga

Lachiwiri

Ndalawirira kumtsinje. Mphasa ziwiri pamutu, mabulangete paphewa. Amayi ochapa andisiyira mwala wabwino, ulemu eti, koma onse asunthira kumtunda kwa madzi. Wina akuti: "Agogo, kodi mwana wake wabadwa liti? Osatiuza!" Ine woyankha anthu onse, ndangoweramira mphasa zanga.

Mphasa ndi chinthu chosunga mangawa. Mkodzo umalowa m'kati mwa bango n'kumanga nyumba. Ndatikita ndi phulusa mpaka zala kuyera.

Ndikuyanika. Dzuwa likuseka. Ndisanakhale n'komwe pansi, chiperoni! Nkhungu kutsika phiri, kamvula kosaoneka koma konyowetsa. Chida chachitatu chathawa nkhondo isanayambe.

Basi, mabulangete ndawayanika pamoto m'khitchini mwa Nangondo. Tsopano mafungo ali awiri, mkodzo ndi utsi, ndipo akwatirana popanda ankhoswe. Bulangete limodzi lapsa pakona.

Nangondo akuti: "Ndiwo zangazi zikununkha chiyani?" Ndati ine sindikumva kanthu. Ndipo si bodza, sindikumvadi, mphuno yazolowera. Apa ndiye pali tsoka: msilikali wosamuona mdani wake.

Lachitatu

Nzeru zatsopano, zinayi:

makoko a manachesi, kumwaza pansi pa mphasa
masamba a bulugama, kufukiza m'nyumba
pulasitiki ya m'thumba la feteleza, kuyala pogona
kuchepetsa madzi akumwa. Chosalowa sichituluka!

Yachinayiyo ndinanyadira nayo kwambiri. Ndimati ndikanapita kusukulu ndikanakhala dokotala.

Zotsatira zake. Utsi wa bulugama wawatsokomoletsa achimwene, ndipo chifuwa chilichonse chikubwera ndi mphatso yake. Pulasitiki simwa madzi, imangowaperekeza. Atuluka m'chiuno, afika m'khosi. Makoko aitana nyerere, mzere kuchokera kunkhokwe, zina zanyamula ndi ana omwe.

Za madzi ndiye zandiwawa. "Mphwanga, kapu imodzi yokha," akutero achimwene, milomo itauma. Ine: "Pirirani, ndi mankhwala." Madzulo mkodzo watuluka wochepa ndithu, koma wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake galu wachoka pakhonde. Galu amene amadya zakufa!

Kwatsala masiku anayi.

Lachinayi

Ndatsetsereka wapansi kupita kuchipatala cha ku Midzemba kukafunsa. Ndapeza mayi wa zaumoyo, msinkhu wa mdzukulu wanga. Ndayamba bwinobwino, kuchokera chaka chimene achimwene anakwera sitima. Iye akuti: "Agogo, fikani pa nkhani, mzere ndi wautali."

Nditafika pa nkhani ya madzi ija, waika cholembera pansi. "Mwawamana madzi? Mufuna muwaphe? Mkodzo wa munthu wosamwa ndi umene umanunkha zedi!" Udokotala wanga wathera pomwepo, pamaso pa amayi asikelo.

Malamulo ake ndawasunga m'mutu:

madzi amwe ndithu, makamaka usana
kuwaperekeza kuchimbudzi pafupipafupi, osadikira apemphe
kusambitsa ndi sopo, kupukuta mpaka kuuma, kudzoza mafuta kuti khungu lisasupuke
nsalu zofewa m'kati mwa buluku, ikanyowa kusintha pomwepo, kunyika m'ndowa osaunjika pakona
chitseko ndi zenera zikhale zotsegula

Zonse n'zotheka, koma nsalu zichokera kuti? Nangondo walowa m'chipinda, watuluka ndi zitenje zitatu za chipani chakale chija, za masiku amene ankawatenga pa lole kukavina kumisonkhano. Nsalu zolimba, zofewa, zosasuluka. Nkhope ya mwini dziko wakale ili mbali zonse. Akuti: "Tengani, matipate ano ndivala kuti?"

Achimwene amwa makapu atatu. Andiyang'ana. Bola akananditukwana.

Lachisanu

Ndikudula chitenje pakhonde. Maso akuyang'ana kunjira. Zaka zapitazo munthu ukanangoyanika nsalu iyi mozondotsa, ukanafotokoza bwino. Lero ine ndikuipinda ngati thewera!

Ndawaveka achimwene, ndamanga buluku. Koma kakona kanatulukira. Achimwene akoka, aona diso limodzi ndi khutu.

Mayo ine!

"Iwe! Wandiveka ndani?" Akunong'ona, maso ali tong'o. "Ukufuna tikafere kundende? Tseka chitseko!"

Ndafotokoza kuti zinthu zinasintha, tinaponya voti, iwo omwe ndinawanyamula panjinga kukadinda chala. Akuti: "Khala chete, makoma ali ndi makutu. Khadi langa la chipani lili kuti?" Mutu wawo umabwerera m'mbuyo masiku ena.

Ndati ndichotse, akukana kuti ndisakhudze, ndingang'ambe nkhope. Akhala tsonga pampando ngati msilikali, mawondo pamodzi.

Tsono tamvani chozizwitsa. Tsiku lonse, osadontha ngakhale dontho! Akangomva kanthu: "Mphwanga, msanga, tingalakwire boma!" Ine thamangathamanga nawo kuchimbudzi. Kasanu ndi kawiri. Buluku louma, mphasa youma, galu wabwerera pakhonde.

Zimene zalephera phulusa, bulugama ndi feteleza, mantha akwanitsa. Ndauza Nangondo kuti akonze mpando. Ndine munthu wanzeru ine, anthu sadziwa chabe!

Loweruka

Nzeru zija zaola.

M'mawa akana phala. Akana tiyi. Madzi amene ndinkawamana ine, lero akudzimana okha. Njinga ikadutsa kunjira akudzidzimuka. Andigwira mkono: "Akabwera kudzatitenga, unene kuti ndadula ndine. Iwe uli ndi ana."

Ndaseka kuti ndiwalimbitse mtima, koma sizinathandize.

Ndapita kukatunga madzi. Pobwera ndapeza nsalu ija aivula okha, aipinda mwaulemu, aiika pampando, nkhope kuyang'ana kumwamba. Iwo akhala pansi pa dothi, m'chithaphwi chawo, akulira mwakachetechete. "Akuluakulu akhale pampando," akutero. "Ine ndine wauve."

Ndimafuna kuwakhazika pampando ine. Ndawatsitsa ndi manja anga.

Zitenje zonse ndabweza kwa Nangondo, zodula ndi zosadula. Ndawasambitsa achimwene ndi madzi ofunda, ndawapukuta, ndawadzoza mafuta. Ndalumbira kuti boma lakhululuka, uthenga wabwera kuchokera ku Neno. Bodza limeneli Mulungu aliwerengere pamodzi ndi nthano zanga.

Nsalu ina palibe. Ndatenga malaya anga oyera, a kutchalitchi ndi kumaliro, okhawo. Lumo kwee! Atuluka matewera atatu ndi kolala. Achimwene aunguza mbali zonse, apeza kuti palibe nkhope ya munthu, amwa tiyi makapu awiri.

Nangondo akuti: "Ndiye mawa muwatsekera?" Ndati ayi. Tikhala panja pansi pa mtengo wa mango, mphepo itithandize. Ndiwaperekeza kuchimbudzi alendo asanafike, ndipo nkhani ikhala yaifupi. Akuti: "Yaifupi? Inu?"

Lamulungu

Achimwene avala suti ya ku Joni, tayi, chipewa. Ine jekete lokha, mabatani mpaka m'khosi, kolala ija ndaimangirira ndi chingwe kuti anthu aziyesa ndavala malaya. Alendo afika atatu, wotsogolera ndi mkulu wa imvi wokhala ndi ndodo. Agwada, apereka moni, agwira dzanja la achimwene. Mphuno zawo ndikuziyang'anitsitsa. Palibe yagwedezeka!

Mkulu uja wanena kuti tambala wawo waona msoti pakhomo pano. Achimwene ayankha ngati munthu wa zaka makumi anayi. Mnyamatayo ndi wa mbumba ya yani? Ali ndi khasu? Amamwa? Akudziwa kuti kuno mkamwini amamanga nyumba? Mawu onse m'malo mwake. Nangondo akupukuta maso ndi chitenje.

Pamenepo zikanatha. Kunangotsala kuvomera.

Koma achimwene anditembenukira: "Mphwanga, auze alendo mwachidule kuti ife ndife ayani."

Mwachidule! Ndinafunadi kutero. Koma ungatchule agogo osanena mmene anawolokera mtsinje utadzaza? Ungasiye chaka cha dzombe? Alendo akuseka, ine kumva kukoma. Sabata yonse ndakhala ndikulankhula ndi kope, lero ndapeza makutu amoyo. Mthunzi wachoka pamene unali. Nangondo akutsokomola, ndikuyesa chimfine. Achimwene akugogoda ndodo pansi, ndikuyesa akuyamikira.

Ndili pakati pa nkhani ya mkango wa ku Lisungwi, ndamva tho, tho, tho. Pansi pa mpando, kamtsinje kakuyenda pang'onopang'ono kulunjika nsapato za mlendo.

Zii. Ngakhale nkhuku zaleka kupalasa.

Achimwene avula chipewa, aika pabondo. Akuti: "Alendo athu, mwaona nokha. Mphwangayu akayamba kulankhula, ngakhale ng'ombe singapirire. Mbeta tavomera. Mnyamatayo abwere."

Mkulu wa ndodo uja waomba m'manja katatu, mwamwambo. Kenako waimirira msanga kuposa msinkhu wake: "Zikomo mwini mbumba, mwatipulumutsa. Ine ndakhala ndikupemphera kuyambira pa dzombe paja. Chimbudzi chili mbali iti?"

Wathamanga osatenga ndodo. Anzake awiri atsatira, aima pamzere.

Alendo adya, apita. Esinati wadzagwada kuthokoza agogo ake, ine wangondidutsa. Nangondo akuti pa tsiku la chinkhoswe ntchito yanga idzakhala yoyang'anira njinga za alendo, kuseri.

Fungo lilipo. Likhalapo. Buluku la suti lili m'ndowa, matewera awiri pachingwe, lachitatu avala. Ndawafunditsa achimwene bulangete lopsa pakona lija, ndati pepani, ndakuchititsani manyazi.

Akuti: "Manyazi ake ati? Nanga mkango uja unatha bwanji?"

Ndawaperekeza kaye kuchimbudzi.