Ija Ili Pakhonde

Ndineneretu: maganizo anga anali olondola. Chinandipusitsa ndi khutu basi.

Ine ndine mkamwini kuno ku Likhubula, ndipo mukudziwa kuti mkamwini safunsa apongozi kawiri. Sabata imeneyo ndinali nditamva pa wailesi kuti kumayiko akunja akuika malamulo oti munthu azitha kukonza yekha foni yake, opanga asamaimate ngati chitini cha nsomba. Nkhaniyi ndinailalikira mudzi wonse (ngakhale kwa amene sanandifunse).

Ndiye Loweruka m'mawa, mkazi wanga akuthamangira kumsika ku Chitakale, anangoponya mawu: "Bambo a Chisomo, amayi akuti muwakonzere ija ili pakhonde. Abusa akubwera masana."

Kufika pakhonde paja, ndinapeza foni ya apongozi ikutchajidwa pa sola. Ndinati eya, tsopano andizindikira pamudzi pano! Pambali panali nkhuku yomangidwa miyendo, ndinaikankha ndi phazi kuti isandisokoneze.

Foni imeneyi ndi imene apongozi amalankhulira ndi mwana wawo wa ku Joni, ndipo amaisamala ngati dzira. Kuitembenuza, yopanda sikuluu ndi imodzi yomwe. Mwaona nkhanza za opangawa? Ndinalowetsa mpeni, yakana. Ndinaiwamba pambaula kuti guluu asungunuke (nzeru zangazanga zimenezo, wailesi sinanene). Kenako ndinakanula ndi mphamvu, galasi n'kungoti phwa! Koma mwamuna sabwerera m'mbuyo. Ndinayala zam'kati zonse palichero, kufunafuna pamene pali vuto.

Apongozi anatulukira kuchokera kudimba, naima chapatali mwaulemu. Anayang'ana lichero, anayang'ananso nkhuku.

"Akamwini, nanga nthenga zake mwataya kuti?"

"Nthenga za chiyani, amayi?"

"Za imene mwakonzayo. Inetu ndimanena nkhuku ya abusa. Foniyo inalibe vuto."

Abale inu, manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndisanayankhe n'komwe, ndinamva "Odi!" kuseri kwa nyumba. Abusa tsiku limenelo anadyera chigwada, nkhuku ikuwayang'ana.

Mpaka lero ndimanenabe kuti olakwa ndi omata mafoniwo. Akanaika masikuluu, bwenzi nditaibwezera bwinobwino popanda wodziwa, ndipo lamulo limeneli libwere ndithu kuno kwathu. Koma pakadali pano foni yanga ikukhala kumpango wa apongozi. Mukaimba pa nambala yangayo, muyambe mwapereka moni mwaulemu.